Zigamba Zisanu ndi Chimodzi pa Nsapato ya Amayi

9 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa Amayi, ndi wa achimwene pamodzi ndi banja lawo. Ine kuno ndilipo. Chifuwa chija chinatha, kwangotsala kuzizira.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni muli nayo. Chifukwa chake n'chakuti pa foni mumandidula mawu. Ndikangoyamba nkhani yolemera mumati kasitomala wafika, n'kupereka foni kwa Amayi, amene amangondifunsa ngati ndikudya mokwanira. Kalata simungaidule. Ndaipereka kwa dalaivala wa basi amene amakubweretserani katundu, ndipo yankho mudzampatse yemweyo.

Nkhani ndi iyi. Sabata yatha achimwene ananditumizira chithunzi cha Amayi atakhala pa benchi ya kushopu kwanu, mdzukulu ali pamiyendo. Anzanga amene ndinawaonetsa anayamikira mwana. Ine maso anga anagwera pansi. Nsapato ya kumanzere ili monga nsapato zonse. Ya kumanja ndi yochindikala ngati buku. Nditachikulitsa chithunzicho ndinaona mizere m'mbali mwa soli, wina pamwamba pa unzake. Ndinakulira pansi pa tebulo lanu losokerapo nsapato, Bambo, ndipo ntchito ya manja anu ndimaidziwa. Zimenezo ndi zigamba za labala, ndipo munazimata ndinu.

Mwendo wa kumanja ndi umene madokotala anaikamo chitsulo m'chiuno zaka 17 zapitazo.

Ntchito yanga sindikhulupirira kuti ndinakufotokozeranipo bwino. Mu labotale yathu mumafika zitsulo za m'chiuno zimene zachotsedwa m'matupi a anthu zitalephera. Ine ndimazitsuka, kuziyeza, ndi kulemba chimene chinazilepheretsa. Pa khadi langa analemba kuti ndine wotsuka, ngakhale madigiri awiri ali m'sutikesi kunsi kwa bedi. Izo tizisiye. Chofunika n'chakuti zitsulo zotere ndazigwira mazanamazana ndi manja angawa, ndipo pa mapepala obwera nazo ndawerenga kambirimbiri mawu akuti "mwendo unafupika".

Choncho tengani nsapatoyo, muwerenge zigambazo, muziyeze ndi rula, ndipo mundiuze kuti choyamba munachimata liti. Muwafunsenso Amayi ngati ntchafu imawabaya akangodzuka pa mpando, n'kumalekerako akayenda pang'ono. Musandiyankhe kuti ali bwino. Ndikufuna manambala.

Ulusi, labala ndi guluu zimene munapempha ndaika m'katunduyu monga mwa nthawi zonse. Guluu wakwera mtengo, muzitseka chitini.

Ndine mwana wanu uja munamutcha dzina chifukwa choyeza chilichonse,
Katepi

2 Malichi

Bambo,

Landirani moni. Ndathokoza kumva kuti nonse muli moyo. Sindinena kuti muli bwino, chifukwa kalata yanu yomweyo ikutsutsa.

Zigamba zisanu ndi chimodzi, chilichonse mamilimita atatu, choyamba munachimata zaka zinayi zapitazo. Pamodzi ndi mamilimita 18, pafupifupi m'lifupi mwa chala chanu chachikulu. Ululu wa podzuka mwavomera kuti ulipo. Ndiye mwalemba monyadira kuti, "Amayi ako akuyenda mowongoka ngati mtsikana, palibe angadziwe." Mzere umenewu ndinauwerenga katatu, kenako ndinakaima panja.

Ndikufotokozerani modekha, chifukwa sindinu munthu wosamva zinthu. Fupa la ntchafu lili ndi mphako m'kati. Madokotala anadula mutu wa fupalo, umene unali utaperepeseka, n'kulowetsa m'mphakomo chitsulo chokhala ndi kampira pamwamba. Kampirako kamazungulira m'kachikho ka pulasitiki kamene anakakhazika m'fupa la chiuno. Pakati pa chitsulo ndi fupa anathirapo simenti ya mafupa. Simenti imeneyi simata monga guluu wanu. Imangolowa m'timipata ta fupa n'kuuma, chitsulo n'kukhala chothinidwa mbali zonse. Ikaikidwa bwino imakhalitsa. Zitsulo zambiri zotere zimadutsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo zochuluka ndithu zimafika makumi awiri ndi kupitirira. Choncho sindikunena kuti Amayi anapatsidwa chinthu chachabe. Chawayendetsa zaka 17.

Koma zinthu ziwiri zokhudzana tsiku ndi tsiku sizilephera kudyana. Munthu akaponda, kampira kamapala pulasitiki, n'kutuluka kafumbi kosaoneka ndi maso. Thupi likaona fumbilo limalimbana nalo, ndipo m'kulimbanako limadya fupa lake lomwe, pamalire pamene fupa lagwirana ndi simenti. Malirewo akadyeka chitsulo chimakhwepa, n'kuyamba kutitimira monga mzati m'dothi lonyowa. Pa zitsulo zina, kutsika milimita imodzi kapena awiri m'zaka zoyamba si nkhani. Mamilimita 18 ndi nkhani. Sindine dokotala, ndipo chithunzi cha mafupa sindinachione. Mwina chasuntha ndi chitsulo, mwina ndi kachikho. Koma si ukalamba monga mwalembera. Ndipo chinthu chikamagwedera m'fupa chimanka chilipala, pamene fupalo ndi limene dokotala adzalifune kuti agwirizirepo chatsopano. Likatha, Amayi sadzayendanso.

Thupi lawo linkalira kudzera m'kutsimphina. Nthawi iliyonse likalira, inu munkalitseka pakamwa ndi labala.

Apite kuchipatala sabata ino. Akajambulidwe mafupa, akayezedwenso magazi kuti tidziwe ngati mulibe tizilombo. Ya ulendo ndatumiza kwa achimwene. Ndowa asanyamule, ndodo azigwirira kumanzere. Chigamba china musamate.

Katepi

27 Malichi

Bambo,

Ndikhulupirira mwadzuka. Ine ndadzuka, tulo tokha n'tochepa.

Achimwene anandiimbira atachoka kuchipatala, mawu ali pamwamba ngati apambana mlandu.

"Iwe Katepi, mtima pansi. Adokotala awayendetsa uku ndi uku, akuti mayi ameneyu akuyenda bwino kuposa iwo."

"Anavala nsapato ziti?"

"Zawo zomwezo. Bambo anachita kuzikonza dzulo lake, zimangoti waliwali."

"Anawavula nsapatozo?"

"Aa, iwenso! Munthu wamkulu n'kumuvula nsapato pagulu?"

"Nanga chithunzi cha mafupa?"

"Akuti n'chosafunika. Atipatsa mapilitsi. Sukulu yako ija ikukudwalitsa, mwanawe."

Ndinafunsitsa, ndipo ndamva zonse. Munatenga nsapato ija, munapala m'mbali mwake ndi sandipepa mpaka mizere inafafanizika, munapaka polishi wakuda, munapukuta. Ndikudziwa chifukwa chake. Kuyambira ndili wamng'ono ndakumvani mukuuza anzanu kuti mmisiri weniweni amabisa msoko, ndipo simukanalola mkazi wanu kukaima pamaso pa dokotala ndi nsapato yooneka zigamba. Pa nsapato ya kasitomala lamulo limenelo n'labwino. Apa munabisa umboni wokhawo umene tinali nawo. Munthu wotopa amene ali ndi mzere wa odwala mpaka pakhomo anaona mayi woyenda mowongoka, n'kuitana wotsatira. Mwamunamiza ndi luso lanu, Bambo, ndipo mwakhoza.

Sindikumuchotsera mlandu iyeyo. Mayi wa chitsulo cha zaka 17 akadandaula ntchafu, amagonekedwa pa bedi, miyendo n'kuyezedwa ali wosavala nsapato. Sizitenga mphindi ziwiri. Sindikuwachotseranso mlandu amene anaika chitsulocho. Anabwera ngati alendo, anachita ntchito yabwino, anajambulitsa ndi odwala awo, n'kukwera ndege ndi mabuku awo. Palibe anatiuza kuti chinthu chimenechi chimafuna kumaonedwa pakapita zaka. Ndipo kalaliki akuti faelo ya Amayi inanyowa denga litadontha, zithunzi zakale zinatayidwa. Ndakwiyira anthu ambiri sabata ino, koma amene ndingawalembere kalata ndinu nokha.

Ndapempha tchuthi. Mkulu wathu tinamutcha a Ndasaina, chifukwa malipoti timalemba ndife, iwo amangoikapo dzina. Anandiyankha osadzutsa mutu kuti pasipoti yanga ili bwino m'kabati mwawo, ndipo tidzakambirana kontirakiti ikatha. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Abwerere kuchipatala. Ulendo uno apite ndi patapata, nsapatoyo ikhale m'manja.

Katepi

19 Epulo

Bambo,

Moni kwa inu ndi onse. Kalata yanu yafika, ndi yaifupi, ndipo yalasa pamene munalozetsa.

Mwafunsa mafunso awiri. "Labala ndi guluu ankatumiza ndani?" Ndiponso, "Pamene amayi ako ankalira podzuka, wophunzirawe unali kuti?"

Ndiyankha mwadongosolo, chifukwa funso loona liyenera yankho loona. Labala ndinkatumiza ndine. Zaka zinayi ndakhala ndikuyenda mtunda wautali kukasankha wosaterera, wa mamilimita atatu monga munanenera, osafunsa ngakhale kamodzi kuti ngwa nsapato ya yani. Ngakhale m'kalata imene ndinakufunsani za zigamba, ndinaikamo wina. Funso lachiwiri: ndinali kuno, ndikutsuka zitsulo za amayi a eni. Ndipo zaka zitatu zapitazo, nditabwera kudzacheza, ndinayenda ndi Amayi mpaka kumsika ndi kubwerako. Mwa kuwerengera kwanga nsapato ija inali kale ndi chigamba chimodzi kapena ziwiri. Ine woyeza chilichonse sindinayang'ane pansi.

Mlandu umenewo ndauvomera. Koma mlandu wanga suchepetsa wanu, ndipo yonse iwiri sibwezera fupa ngakhale milimita imodzi.

Lamlungu Amayi anandiimbira okha.

"Usawakalipirenso bambo ako, wamva? Ndinawapempha ndine."

"Munawapempha chiyani, Amayi?"

"Kuti andikwezere nsapato. Iwe ndimakudziwa. Ukanangomva kuti ndikutsimphina ukanasiya ntchito n'kubwera kudzandiyeza ngati nsalu."

"Ndiye munasankha kuti mwendo uwonongeke?"

"Ndinasankha kuti mwana wanga asabwerere chimanjamanja. Mwendo ndi wanga, si wako."

Atatero anayamba kundifunsa ngati ndili ndi juzi. Choncho tilipo atatu. Wina anapempha, wina anamata, wina anatumiza labala, aliyense akuti akuchitira mnzake chifundo. Ndikakumbukira ndimafuna kuswa kanthu.

Papita masabata atatu ndipo kuchipatala simunabwerere, akuti chifukwa mapilitsi akuthandiza. Mapilitsi ndi chigamba chachisanu ndi chiwiri. Ndikupemphani ndi ulemu wonse umene ndatsala nawo: pitani.

Katepi

16 Meyi

Bambo,

Moni ndikupereka, koma za moyo sindifunsa, ndamva kale.

Achimwene andiuza kuti Lachiwiri m'mawa Amayi anadzuka pa bedi, anaponda, n'kukhala pansi pomwepo, ndipo kuchokera tsikulo sanaimenso. Andiuza kuti munawanyamula nokha mpaka pa msewu, mukukana kuti wina akuthandizeni. Sindinena kuti ndinanena. Madzi akatayika saoleka.

Chithunzi cha mafupa cha kuchipatala chachikulu ndachiona pa foni. Kuzungulira simenti yonse kuli mzere wakuda, ndiwo mpata umene fupa ladyeka. Simenti yathyoka chakumunsi, chitsulo chatsika, ndipo khoma la fupa mbali yakunja lapyapyala ngati chikhadabo. Chabwino chimodzi n'chakuti magazi sakusonyeza tizilombo. Choipa n'chakuti awalemba pa mndandanda wodikira opaleshoni, miyezi khumi ndi inayi. Dokotala wamng'ono akuti popanda zithunzi zakale sangadziwe ngati chitsulocho chatsika pang'onopang'ono kwa zaka zambiri kapena chikuthamanga, ndipo otsogola ndi amene zawo zikuthamanga. Mfundo yake ndi yoona. Koma khoma limenelo silingadikire miyezi khumi ndi inayi.

Tsono mvetserani, chifukwa zithunzi zakale tili nazo, kungoti si za pepala.

Ndabwerera ku chithunzi cha pa benchi chija, musanapake nsapato wakuda. Zigamba zitatu zoyandikira phazi ndi zakuda. Zitatu zoyandikira pansi, zimene munamata pomalizira, ndi zotuwa. Labala wotuwa ndinayamba kutumiza mu Ogasiti wapitayu, sitolo itasiya kugulitsa wakuda. Tanthauzo lake ndi ili: mamilimita asanu ndi anayi oyamba anatenga zaka zoposa zitatu, asanu ndi anayi otsatira atenga miyezi isanu ndi umodzi yokha. Chitsulocho chikuthamanga, ndipo nsapato ikhoza kuchitira umboni.

Tengani mpeni wanu wopyapyala, mumatule zigambazo chimodzichimodzi, osang'amba. Pa chilichonse mulembe ndi choko mwezi ndi chaka chimene munachimata. Inu simuiwala ntchito ya manja anu. Mumakumbukira nsapato ya munthu amene anamwalira kalekale. Mukapite nokha kwa dokotala wamkulu wa mafupa Lachinayi, tsiku limene amaona odwala. Achimwene akuperekezeni koma asakulankhulireni, kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Ndikukupemphani kuti muonetse msoko, pamaso pa anthu.

Katepi

12 Juni

Bambo,

Moni. Ndamva kuti Amayi akudya, ndipo akukalipira anamwino chifukwa cha kayalidwe ka bedi. Zimenezo zandilimbitsa mtima.

Inu simunalembe, koma achimwene andifotokozera. Akuti munavala jekete lanu labwino, munadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mutalowa munayala zigamba zisanu ndi chimodzi pa tebulo la dokotala wamkulu, mwandondomeko, chilichonse ndi mwezi wake. Akuti namwino anafuna kuzichotsa, dokotala n'kumuletsa. Anatenga rula, anayeza, anayang'ana chithunzi cha mafupa, n'kufunsa kuti, "Anamata izi ndani?"

"Ndine, adokotala. Ndine mwamuna wake."

"Bambo, mwasunga mbiri ya wodwala bwino kuposa chipatala. Koma mukanabwera pa chigamba chachiwiri."

Akuti munangoti, "Mwana wanga anandiuza kale zimenezo, ndipo sananene mofatsa ngati inu."

Opaleshoni ili pa 3 Julaye. Mukonzekere mtima, chifukwa yachiwiri si yofanana ndi yoyamba. Ayenera kugoba simenti yakale yonse m'fupa lopyapyala, osaliswa. Ndi ntchito ya maola ambiri ndipo magazi amatayika. Achimwene akapereke magazi, asayambe zonena kuti ali ndi chizungulire.

Chitsulo chachitali chimene dokotala akufuna, chodutsa pamene fupa lafooka, chipatala chilibe, tigula tokha. Makina anu osokera musagulitse, ndamva kuti mwayamba kuitanira anthu. Nkhani imeneyo ndi yanga.

Kubwera sindibwera. Ndinapita kwa a Ndasaina kachitatu, ndipo ulendo wachitatuwo ndinalankhula zimene ndakhala ndikumeza zaka zisanu, chitseko chili chotsegula. Pasipoti anandibwezera tsiku lomwelo, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndikadutsa chipata cha dziko panopa sindingalowenso, ndipo chitsulo sichingagulidwe ndi munthu wokhala pambali pa bedi. Dalaivala ndamuuza kumene azindipeza tsopano. Amayi musawauze kanthu.

Katepi

8 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndikupatsani moni, inu ndi Amayi, achimwene, alamu ndi mwana. Ine ndili bwino. Manja okha asuwa ndi sopo, chifukwa kumene ndili tsopano timachapa nsalu za m'mahotela. Akuti ndimapinda mowongoka kuposa makina.

Kanema amene achimwene anatumiza ndamuonera kosawerengeka. Amayi agwira ndodo ziwiri, akuchoka pa bedi kufika pa zenera. Ndawerenga mapazi khumi ndi anayi. Kumapeto akumveka akuti, "Chotsa foniyo, ukufuna akandiyezenso?"

Ndinene zoona zake, popeza pakati pathu zobisa zatikwana. Fupa linang'aluka pang'ono pochotsa simenti, analimanga ndi waya. Ndodo imodzi mwina sadzaisiya moyo wawo wonse, ndipo ulendo wa kumsika wapansi watha. Mukanapita pa chigamba chachiwiri, bwenzi zili zina. Mkwiyo umenewo sunandichoke, ndipo sindikulonjeza kuti uchoka msanga. Ndimaugawa patatu, gawo langa ndimasunga ndekha. Chitsulo chatsopanochi chikufuna kujambulidwa nthawi iliyonse imene dokotala walemba, kaya pakupweteka kaya ayi, ndipo chithunzi chilichonse muzisunga kunyumba, osati kwa kalaliki.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Achimwene akuti kuchokera tsiku la opaleshoni shopu ndi yotseka. Akuti dokotala wapeza kuti mwendo wa kumanja watsala wofupika mamilimita asanu, analemba pa pepala kuti nsapato ikwezedwe, ndipo inu mwakana. Akuti munanena kuti manja anu sadzakhudzanso nsapato ya Amayi, apite nayo kwa wina.

Kwa yani, Bambo? Kwa uja wa pa siteshoni amene soli zake zimamatuka mvula yoyamba? Amayi atsimphine pa chitsulo chatsopano chifukwa inu mukuchita manyazi? Kumeneko si kulapa, ndi kubisa msoko kwa mtundu wina, ndipo sindikulolani. Manja anu sanalakwe kumata. Chimene chinalakwika n'chakuti munamata osafunsa chifukwa chimene mwendo ukufupikira. Lero chifukwa chikudziwika, ndipo muyeso walemba ndi dokotala.

M'katunduyu muli labala wa mamilimita asanu. Ndamuyeza ndekha malo anayi. Ndi wofiira, ndasankha dala. Tsegulani shopu, mudule chigamba chimodzi, mumate. M'mbali musapale, wakuda musapake. Chizioneka kuchokera kutsidya kwa msewu. Kunsi kwa lilime la nsapato mulembe tsiku.

Ndipo tsiku limene Amayi adzabwere kwa inu mwakachetechete n'kunena kuti, "Bambo ake, tandikwezeraniko pang'ono," mudzaike nyundo pansi, mudzawaveke patapata, n'kupita nawo kwa dokotala.

Zigamba zisanu ndi chimodzi zija musataye. Ndikadzabwera ndidzazifuna, ndipo tepi ndidzabwera nayo.

Ndine mwana wanu,
Katepi